Pampu Imene Ndinaisunga Ngati Suti

Aulutsi, ndiwelengeleni kalata yangayi. M'zaka za chipani chimodzi ndinali woyang'anila mapampu awili a madzi ku Petauke. Lamulo linali lakuti ndiziyatsa pampu yachiwili Lolemba lililonse, kuti yoyamba ikafa madzi asaleke. Koma zitsulo zosinthila zinali zosowa, ndiye ndinaifunditsa saka, n'kumaisunga ngati suti ya kuchalichi.

Yoyamba itapsa m'chilimwe, ndinathamanga kukayatsa inzake, koma kunali zii. Makoswe anali atadya mawaya onse.

Milungu itatu tauni yonse inatunga kumtsinje. Tsiku lina akazi anga anatula ndowa, nati, "Bambo, zaka zonsezi munali kusungila makoswe?"

Anzanga osamala makina, yachiwiliyo muziiyatsa yoyamba ikali yamoyo.