Aphunzitsi Nhlane ndi Sopo Wawo

Amene tikuwaperekeza lero ndi Bambo Saulosi Nhlane, mphunzitsi wa sayansi, obadwa mu 1961 ku Edingeni kuno ku Mzimba. Ine ndine Pearson Ziba, ndinaphunzitsa nawo ku Champhira. Mundikhululukire ndikamamveka wonyadira pamaliro, mbiri iyi siyowerenga ndi nkhope yakugwa.

Pulayimale anaphunzira kwawo, sekondale pa Boma. Patchuthi ankagwira ganyu yocheka matabwa ku Viphya, kumene utomoni wa paini unkawamata m'manja. Madzi ankaulephera, koma kadontho ka parafini kankauchotsa pompo. Kufuna kudziwa chifukwa chake ndi kumene kunawafikitsa ku koleji.

Yankho lake analiphunzitsa moyo wawo wonse, choko chili mbuu kumutu. Ankati molekyulu ya madzi ili ndi mbali ziwiri zosiyana ngati batire, n'chifukwa chake imakoka mchere ndi shuga mpaka kusungunuka. Parafini alibe mbali zimenezo, motero amagwirizana ndi utomoni ndi mafuta. Chinthu chimasungunuka m'chinzake chofanana nacho. Inu amene anakuphunzitsani, ndakuonani mukugwedeza mitu!

Mu 1996 anakwatira Mayi Mwanasha, mwana wa a Hemedi, Msilamu wa sitolo pa Boma. Apa panavuta. Akuchimuna, pokhala Akhristu, anakana, akuchikazi anabweza ng'ombe za malowolo, onse akuti madzi ndi mafuta sizisakanikirana. Malemu ankayankha moseka kuti anthuwo aiwala sopo, amene mutu wake umagwira madzi, mchira n'kugwira mafuta. Iwo anapitiriza kuimba kwaya kutchalitchi, mayi akupemphera kumzikiti, m'nyumba muli chikondi. Koma mabanja awiriwa sanadyerepo limodzi, ndipo izi zinkawapweteka mtima malemu.

Chaka chatha anayamba kudwala impso, ndipo Lachiwiri anatisiya ali m'chipatala. Pempho lawo linali limodzi, lakuti abale a mbali zonse adzadyere pamodzi pamaliro awo. Ana awo ayenda khomo ndi khomo kupempha, osatopa. Tayang'anani lero! Manda awa, abale akwa Nhlane akumba limodzi ndi zidzukulu za a Hemedi. Ng'ombe yachokera m'khola la ku Edingeni, woizinga mwa Chisilamu ndi mlamu wawo wakwa a Hemedi, kuti pasapezeke wokana ndiwo.

Asiya mkazi wawo Mayi Mwanasha, azichemwali awiri, zidzukulu zinayi, ndi ana atatu, Tamara, Adam ndi Suwilanji, amene ndiwo sopo uja ankanena.

Yewo chomene, aphunzitsi, phunziro talimva tonse. Apumule mu mtendere.