Buku Limene Linawakana a Namakhwa

Nthawi imene mafoni anali a mabwana okha, buku sunkalifufuza ndi chala ngati mmene mukuchitira inumu. Unkalikwerera basi. Tamanda, taika pansi kafoniko. Ukufuna buku la sitatistikisi, eti? Tamvera mmene linapezekera la mayi ako.

Mayi anuwa, Esinati, anali atamaliza kozi ya masamu, ndipo mutu anatengera bambo ake, agogo anu a Namakhwa, amene anaphunzitsa masamu ku sekondale mpaka imvi mbuu. Ndiye ku esiteti ya tiyi anamutenga mongomuyesa mu ofesi yoona za zokolola, n'kumuuza kuti mvula ikamayamba adzalemba mayeso a sitatistikisi, masamu aja oti ukatapa masamba ochepa uzitha kunena za munda wonse. Akakhoza, ntchito ndi nyumba ya kampani. Akalephera, abwerere kwathu ku Nkando azidzagulitsa nane tomato. Tomato ndilibe naye chifukwa, koma mwanayo sitinamuphunzitsire zimenezo.

Buku anamuuza kuti adzipezere yekha, koma iye masiku onse anali ku ntchito. Choncho tinapita ku Limbe ine ndi agogo anuwo, kwa bambo wina amene ankayala mabuku akale pakhonde la sitolo. Ine ndinkakagula chitenje, musaganize kuti anandifunsa nzeru.

Agogo anu anali ndi kasankhidwe kawo, kamene ankachita ndi buku lililonse la pasukulu. Inu lero mumayamba mwafunsa kuti anthu ena alikonda bwanji. Iwo olo chikuto sankachiyang'ana. Ankatsegula pakati, kusankha samu imodzi, kuisova ndi pensulo ali chiimire, kenako n'kuona mayankho akumbuyo. Zikafanana, ankati bukulo lakhoza. Eya, lokhoza linkakhala buku, osati iwo.

Loyamba linali lonenepa, la zithunzi za ng'ombe ndi odwala, ndipo ine ndinalikonda chifukwa linali lolemera. Samu yake anaisova asanamalize n'kutsokomola komwe. Zinafanana. Koma analibwezera pansi, amvekere limeneli analembera anthu oopa masamu, masamba ambirimbiri kungomunyengerera munthu kuti asathawe, Esinati akaliwerenga agona. Wogulitsa anati limenelo ndi limene aliyense amagula. Iwo anati mwana wawo si aliyense.

Lachiwiri linali loonda, lopanda chithunzi olo chimodzi, zizindikiro zopindikapindika zokhazokha. Anatsegula pakati. Anati zizindikirozo akuzidziwa zonse, ndi anzawo akalekale, kungoti apa zakhala mwachilendo. Analemba, kufufuta, kulembanso. Ine ndinapita kukagula chitenje changa, kunenerera, kubwerera, n'kuwapeza ali pomwepo, thukuta lili m'khosi. Wogulitsa anali atayamba kudandaula kuti akumutchingira makasitomala. Mapeto ake agogo anuwo anasuzumira mayankho akumbuyo. Sizinafanane.

Ine ndinangoti basi, buku lalephera, chifukwa chikwatiranireni zikasiyana choncho wolakwa ankakhala wolemba. Ndinamumvera chisoni wolembayo. Koma a Namakhwa anayang'ana yankho lija nthawi yaitali, n'kubwerera koyambirira kwa mutuwo, kuwerenga pang'ono, kenako anauza wogulitsa kuti alikulunge.

Tili m'basi yobwerera, phiri la kwathu linayamba kuoneka. Ndinawafunsa kuti agulira chiyani buku loti lawakana. Anati, “Likanandivomera ine, Esinati akanaphunziramo chiyani?”

Mayi anu analiwerenga bukulo mpaka chikuto kuthothoka. Loweruka ankabwera nalo kunyumba n'kukhala ndi bambo ake pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo mitu yoyambirira ankayendera limodzi, akukangana ngati anthu a pamsika. Koma tsiku lina, mayeso atayandikira, anawalozera samu ina kuti amuthandize. Ine ndinali pafupi, ndikusenda chinangwa. Anaiyang'ana samuyo, kuiyang'ana, n'kumubwezera pensulo.

“Ine ndatsikira pano, mayi. Iwe pitirira.”

Esinati analira. Ine ndinapitiriza kusenda chinangwa, pakuti sichikanadzisenda chokha, koma mtima unandiwawa kwambiri. Munthu uja ndinali ndisanamumvepo akunena zotero kwa wina aliyense, olo kwa ansembe.

Mayeso aja anakhoza. Nyumba ya kampaniyo ndi imene munabadwiramo nonsenu, yodontha ija.

Ndiye iwe Tamanda, masamu umawatha, usatenge buku lokusisita, tenga lokutulutsa thukuta. Koma likayamba kukumvera, usakachite nalo matama kwa mayi ako. Tsiku limene adzakubwezere pensulo, udzailandire ndi manja awiri.