Ndege Ikuzungulira Kachitatu

Pabwalo la ndege, m'chipinda chodikirira alendo, mayi wina anakhala pafupi ndi zenera, maso ali kumwamba. Pambali pake panali bambo wachikulire wogwira ndodo.

"Aka n'kachitatu ndege ija ikuzungulira," anatero mayiyo. "Mwana wanga ali momwemo, ndiponso ndi woyembekezera. Akulekeranji kuitsitsa?"

"Yatsogola yaikulu, Mayi," anayankha bamboyo. "Ndege yaikulu imasiya mphepo yoipa kumbuyo kwake. Yaing'ono ikatsatira pafupi itha kutembenuzika."

"Inu mukudziwa bwanji?"

"Ndinagwira ntchito zaka makumi awiri munsanja iyo. Ndinkauza oyendetsa ndege nthawi yotera."

"Ndiye anzanuwo alibe chisoni."

"Chisoni n'chimene chinandichotsa ntchito ine. Tsiku lina woyendetsa anandiuza kuti wanyamula wodwala, akupuma movutikira. Ndinamulola kutsika kutatsala mphindi imodzi kuti mphepo ya ndege yaikulu imene inatsogola ithe."

"Inagwa?"

"Ayi. Inapendekeka, phiko linatsala pang'ono kukhudza pansi, kenako inawongoka. Wodwalayo anachira. Achibale ake mpaka anabwera kudzandithokoza."

"Nanga vuto linali pati?"

"Munali anthu makumi anayi, Mayi. Ine ndinaganizira mmodzi. Kuyambira tsiku limenelo mawu ankandinjenjemera pa wailesi, ndiye ndinangosiya."

"Lero mwadzalandira ndani?"

"Akazi anga. Ali m'ndege yomweyo."

"Ndiye inu mulibe nkhawa?"

"Ndili nayo, kuposa inu mwina. Koma mnzanga ali munsanjayo asatimvere chisoni. Izungulire ngakhale kachinayi."