Pasipoti ya Joana m'belo la thonje

Moni nonse abale anga mwa Ambuye, a kuno kwa Ndamera ndi inu owerenga muli kutali. Ine ndine Zuze, nkhalamba ya Sitandade 4, koma lero ndigwira cholembera kuti ndiulule uchitsiru wanga, umene unatsala pang'ono kuphera mdzukulu wanga sukulu.

Ine ndinkakhulupirira kuti sukulu yeniyeni siyenda. Imakhala pamalo amodzi, ngati tchalitchi. Ndiye Joana, mwana wa malemu mwana wathu amene tinamulera tokha, atabwera ku tchuthi n'kunena kuti yunivesite yake yagwirizana ndi ina ya ku Mozambique, ndinaseka. Akuti ophunzira a kuno apita uko miyezi isanu, a uko abwera kuno, onse kuphunzira za madzi osefukira a Shire yemweyu, ndipo setifiketi idzakhala imodzi ya zidindo ziwiri. Ine ndinati chimenecho ndi chibalo chovala tayi. Pajatu ine ndinachoka tsidya lija nthawi ya nkhondo, ndikuthamanga ndi kabudula yekha. Dziko limene ndinalithawa, lero likaphunzitse mdzukulu wanga?

Joana, amene amanditchula Ayavu m'malo mwa agogo, anangoti, "Ayavu, nkhondo inatha ndisanabadwe." Anapereka pasipoti yake kwa akazi anga, a Felista, kuti ayisunge m'sutikesi ya zovala za Mvano.

Tsopano mverani zimene inachita nkhalamba yopemphera. Ndinayitenga pasipotiyo, n'kuyikulunga m'pepala la shuga, n'kuyilowetsa mkatikati mwa belo la thonje limene tinkalipondera pakhonde. Maganizo anga anali akuti tsiku la ulendo likadutsa ndidzayitulutse, ndinene kuti makoswe anayikoka. Mawa lake kunagwa maliro kwa Tengani, ndinapalasa njinga n'kukagona komweko masiku awiri. Pobwera ndinapeza pakhonde pali mbee. A Felista anali atasoka belo lija, ataliika pangolo, atakagulitsa kumsika wa thonje. Anandilandira akumwetulira, akuyembekeza kuti ndiwayamikira.

Ulendo unali Lolemba, apa n'kuti lili Lachitatu. Madzulo omwewo Joana anafuna pasipoti yake, ndipo m'sutikesi munalibe. Ataimbira a kusukulu, anamuuza mwaulemu kuti popanda pasipoti malo ake apereka kwa wina, chifukwa anzawo a ku Mozambique anakonza kale ogona ndi makalasi.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi ichi: mlandu unagwera akazi anga. Achibale ankanong'ona kuti gogo wayamba kuiwala. A Felista anakhuthula nyumba yonse, akulira, akudzimenya pachifuwa kuti ndapha mwana wa mwana wanga. Ndipo ine, mwini wake wa tchimo, ndinagwada nawo pansi kusuzumira kunsi kwa bedi, ndikumati, "Kumbukirani bwino, mayi." Ndinkafuna kuulula, koma manyazi ankandiletsa. Joana sanakalipire munthu. Anangosiya kudya, n'kumakhala pansi pa mtengo wa masawu ndi mabuku ake a Chipwitikizi, osawatsegula.

Lachisanu ndinazemba kupita kumsika. Ndinapeza lole itanyamula kale mabelo onse kupita kumakina ochotsa njere. Pobwerera ndinatsika njinga m'munda wa mapira, ndinagwada. Sindinapemphere mwaluso. Ndinati, Ambuye, ngati pali chikwapu chigwere ine, mwanayu alibe chifukwa. Ndinalonjeza kuti ikapezeka kapena isapezeke, ndidzaulula Lamlungu pamaso pa mpingo.

Lamlungu ndinaimiriradi. Ndinanena zonse. A Felista sanandiyang'ane n'komwe.

Tikutuluka, pakhomo panali pataima Mayi Alufandika, amene amayesa thonje kumsika kuja. Mayiwa ine sitimverana. Chaka china anapeza mchenga wonyowa pansi pa belo langa, mchenga umene mpaka pano sindidziwa kuti unalowamo bwanji, kapena kuti ndikudziwa pang'ono. Kuyambira pamenepo, belo lililonse lochokera pakhomo panga amalikhuthula mpaka pansi, ngakhale labwera ndi mkazi wopemphera. Anatulutsa kapepala ka shuga m'chikwama.

"Madala, ndazolowera kupeza mchenga m'thonje lanu. Chaka chino mwayamba kuikamo anthu?"

Akuti pasipotiyo anayipeza a Felista atachoka kale, ndipo mawa lake anawatumiza kukagula thonje ku Chikwawa, anabwera Loweruka. Ine ndinangogwira manja awo ndikuthokoza m'Chisena kuti takhuta, takhuta, misozi ili chuchuchu. Taonani Mulungu wathu: anatenga mbiri yanga yoipa n'kuisandutsa chingwe chopulumutsira mwana. Ndikanakhala mlimi wokhulupirika, belo lija likanadutsa osatsegulidwa. Koma musapite kukathira mchenga m'thonje n'kumati a Zuze anatiphunzitsa. Ayi.

Joana ananyamuka Lolemba lomwelo, ndipo ndinamunyamulira chikwama mpaka pa basi. Pano amatiimbira, akuti m'kalasi mwake muli anyamata ndi atsikana olankhula Chisena ngati chathu, amene midzi yawo imamira ndi madzi omwe amatimiza ife. Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokoza Mayi Alufandika. Inu amene muli pa mavuto, makamaka amene munawaphika nokha, musaleke kupemphera, koma ululani msanga, wosalakwa asanalire m'malo mwanu.

Tsiku limene Joana anapita, titamaliza kudya, ndinasendera kwa a Felista kuti ndipepese. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Bambo, masiku anayi ndinalira inu mukundigwirira nyale. Mulungu wakukhululukirani, mwana wakukhululukirani. Ine ndikadzamaliza ndidzakuuzani."