Chimene Chinachotsa a Simao Kalino pa Mishoni

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1912 ku Angonia, kwa Apwitikizi. Tsikulo ndi la pa chitupa. Mayi athu ankangoti inali nyengo yokolola. Ine ndine Tereza, mlongo wawo wamkulu, ndipo sinditalikitsa poti dzuwa lakwera.

Sukulu anaphunzira zaka ziwiri, zongokwanira kuwerenga buku la nyimbo. Mu 1931 anabwera wapansi kuno kutsidya lino la Zambezi nalembedwa ntchito pa pulazi ya fodya, munda waukulu wa azungu, ku Centenary. Mu 1938 anakwatira mayi Domingas, akhala apawa.

Mu 1946 analowa ntchito yolima ndi ng'ombe pa pulazi ya mishoni, kufupi ndi Concession. Malowo anawakonda. Chikoti kunalibe. Lamulungu ngakhale ng'ombe zinkapuma. Ana ankapita kusukulu ali chimvere belu pakhomo, ndipo mayi Domingas atavutika pobereka mwana wachitatu, anawapulumutsa ndi anamwino a pomwepo. Komatu malipiro ankachepa kusiyana ndi kwa azungu a fodya, ndipo munthu akadandaula ankamutsegulira vesi. Mowa ayi, ng'oma ayi. Zimenezo malemu sizinkawasowetsa tulo. Chimene ankachiona cholemera n'chakuti kapitawo wa Lolemba ndi yemwenso anali mkulu wa mpingo Lamulungu, kotero nkhani ya m'nyumba mwako inkakupeza kumunda.

Mu 1957 mng'ono wathu Joze anafera mumgodi ku Beatrice, nasiya mkazi wake, mayi Anesi, ndi ana atatu. Abale a mayiwa ali kutsidya kwa Zambezi, ndipo palibe anabwera. Tsiku lometa, ife achibale tinapereka bulangete ndi khasu la Joze m'manja mwa a Simao pamaso pa anthu, monga timachitira kwathu posonyeza wosunga ana. Iwo analandira, nabwera nalo banja lonse, nalimangira kanyumba kuseri kwa nyumba yawo. Amene anazira kanyumbako ndi mayi Domingas, ndi manja awo.

Nkhani ya bulangete inafika kwa akulu a mpingo. Iwo anati chimenecho n'chokolo, chija anzathu a kuno amati nhaka, ndipo wa mitala sangakhale pa malo a mishoni. Malemu anafotokoza kuti analandira ana, osati mkazi. Akuluwo anati mwina n'zoona, koma anthu aona bwanji? Anawauza kuti asankhe: mayi Anesi ndi ana achoke, kapena ntchito ithe. Malemu sanakangane ndi munthu. Anamaliza kulima munda umene anauyamba, anamwetsa ng'ombe, napempha ngolo yonyamulira katundu wa mabanja awiri.

Kuyambira 1958 akhala pa pulazi ino, akusonkha moto m'mabalani owotchera fodya. Malipiro anakwera, koma Lamulungu linatha, pakuti moto wa fodya sudziwa Sabata. Ana aakulu sukulu inathera pomwepo, ndipo chimenechi chinkawapweteka kuposa utsi. Komabe sitinawamve akunyoza mishoni. Akapata mpata ankayenda ulendo wonsewo kukapemphera, n'kukhala kumpando wakumbuyo.

Chifuwa chinawayamba mu Epulo 1961. Anagonekedwa kuchipatala kawiri, ndipo anamwino aja a ku mishoni ankatumizabe mankhwala osafunsa za mlandu. Atisiya Lachiwiri, pa 14 Ogasiti 1962, ali ndi zaka makumi asanu.

Asiya mkazi mmodzi, mayi Domingas. Ndanena mmodzi, amene ali kumbuyoko amve. Za ana, ena anandilangiza kuti nditchule anayi okha kuti tisadzutse zakale. Mwiniwake sankawerenga choncho, ndiye inenso ayi. Asiya ana asanu ndi awiri: Marcelino, Celestina, Laxon, Jenifa, Agnesi, Jasten ndi Lestina. Wakubala ndi uti, wa Joze ndi uti, mufunse ena. Adzukulu alipo awiri.

Tikuthokoza adzukulu okumba manda, amayi amene agona pano chifikireni uthenga, ndi anzawo a kumabalani amene anasonkha ufa ndi nkhuni. Tikuthokozanso a mishoni potipatsa matabwa a bokosi ndi kutumiza akulu awiri. Poti abwera, akatinenere kwa abusa kuti ana aang'ono atatuwa akufuna malo kusukulu mwezi wa Januwale. Ndidzabwera nawo ndekha.

A Simao, mlongo wanga, mwasenza zokwanira. Mzimu wanu uuse mumtendere.