Chagubuduzika n'Chiyani?

Pa siteji ya maminibasi a ku Mukobeko, chaka chomwe mgodi unatsekedwa, mayi wina anatambasulira kalata bambo wosamudziwa, wovala jombo zakale za kumgodi.

"Bambo, ndiwerengereni apa. Mwana wanga Edwell ali kundende ya ku Mukobeko. Aneba akuti liwu ili ndi la ngozi."

"Liwu liti, mayi?"

"Ili, overturned. Akuti ndi kugubuduzika, ngati galimoto ikagwa chagada."

"Inde, galimoto imatero. Ngolo zathu kumgodi nazonso zinkatero. Koma apa chagubuduzika ndi chigamulo cha khoti."

"Ndiye sanavulale?"

"Ayi. Oweruza akuluakulu apeza kuti alibe mlandu. Akutuluka."

"Tsiku lanji?"

"Alemba Lachisanu."

"Lachisanu ndi lero, bambo."

"Ndiye kwerani minibasi iyi, mayi, isanadzaze."