Kafukufuku wa pakhonde pa alandilodi

Okondedwa omvera, ine ndimakhala ku Chinsapo, pa mpanda wa nyumba za lendi. Nthawi ya kampeni kunabwera mtsikana wochita kafukufuku, kudzafunsa amene tidzamuvotere pa upulezidenti.

Alandilodi athu, omwe chipani chawo amachikonda kuposa ana awo, anamupatsa mpando pakhonde pawo. Iwo anakhala pambali pake, ati akusenda chinangwa, koma makutu ali tcheru.

Nanga nyumba mmene zikusowera mu Lilongwe muno, ndani akanayankha zina? Tonse tinatchula munthu wawo. Amayi ena anachita kuwonjezera nthungululu.

Wailesi italengeza kuti kafukufuku akusonyeza munthu wawoyo ali patsogolo, alandilodi anagula mbuzi ya chikondwerero n'kuimangirira pamtengo wa mango.

Zisankho zitachitika, munthu uja anagwa chagada. Mbuzi ili moyo mpaka lero, ikutidyera masamba.

Madzulo a tsiku la zotsatira alandilodi anatiitana, nkhope ili gwa. "Kamtsikana kaja n'kabodza. Si nonse munati muvotera wathu?"

"Zoona, bambo, n'kabodza," tinavomera tonse, mogwirizana ngati tsiku lija.

Inu ofufuza, mukadzabweranso mudzatifunsire kumpopi. Pakhonde paja amayankha ndi lendi.